Ezara Anapita Yekha ku Boma

Ku Zemba mukafunsa za Ezara, anthu sakuuzani kumene ali, amakuuzani kumene wangochoka. Munthuyu sakhazikika. Mukamupeza m'munda wa thonje, maso ali kukhola; mukamutsatira kukhola, wayamba kale kudandaula za tayala la ngolo. Ngakhale m'tchalitchi bondo lake limangogwedera pabenchi, moti akulu a mpingo anzake anasiya kukhala naye pafupi, ati amawasokoneza nyimbo. Kudya amadya choimirira, chipewa chili kale kumutu. Mkazi wake, amake Angel, anachita kutopa n'kumuuza kuti adzafera panjira.

Kusakhazikikako sanabadwe nako ayi. Atate ake anamwalira iye ali mu Giredi 7, atsibweni ake anapita kumigodi osabwerako, ndipo mbumba yonse inagwera mnyamata wopanda ndevu. Sukulu anaisiyira pomwepo. Analima maganyu, anaotcha njerwa za anthu, mpaka anagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo n'kuyamba kunyamulira anthu chimanga, mtedza ndi mabelo a thonje. Alongo ake onse anawakwatitsa yekha, ndipo pa maukwati onsewo nkhoswe wamkulu anali iye. Apa ndiye panali kunyada kwake. Ankati pa maukwati amene iye anaimirira palibe umene unatha, ndipo ankazinena mokweza, ngakhale pamaliro.

Milandu ya m'banja ankaiweruza mothamanga, ngati kuti ngolo ikumudikira panja. Mlongo wake akathawira kwa iye, ankamuuza kuti alowe m'nyumba apume, zoyankhula asiyire nkhoswe. Pakapita masiku ochepa akuchimuna ankafika ndi nkhuku m'khwapa. Kukalipa Ezara ankakalipa ndithu, mawu ake kumveka mpaka kumjigo, mwamuna wolakwayo atazyolika. Kenako nkhuku inkaphedwa, ankhoswe a mbali zonse n'kudya. Ikadyedwa nkhukuyo nkhani yatha, ndipo amene angaiyambenso ndiye amasanduka wolakwa. Mkazi ankamanga kamtolo kake n'kubwerera. Zoti mkaziyo angakhale ndi mawu akeake, Ezara sankaziganiza n'komwe. Amufunse chiyani, poti pakamwa pake anali iye?

Amene ankathawira kwa iye kawirikawiri anali Jenipher, mlongo wake wotsiriza, yemwe anakwatiwa ndi Osward wa ku Zingalume. Osward atapempha chitengwa, kuti mkazi akakhale kwawo kwa mwamuna, Ezara anavomera tsiku lomwelo. Akanakana bwanji? Mnyamatayo anali ndi nyumba ya malata, munda wa thonje wooneka, ndiponso ulemu wochititsa manyazi. Akamayankhula ndi alamu ake chipewa chimakhala m'manja, mawu ali pansipansi. Koma abale, anthu aulemu pabwalo enawa! Nkhuku za kwa Osward Ezara anadya zingapo, ndipo nthawi iliyonse ankanena kuti iyi ndi yomaliza.

Chaka chino, nthawi yotola thonje, mwera ukuulutsa fumbi, Ezara anali chogona pansi pa ngolo masana akupaka girisi pamene Jenipher anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Mapazi anali mbuu, anali atayenda pansi kuchokera ku Zingalume. Khanda lake, Chisomo, linali kumbuyo, koma nsalu yoberekera inali yomangidwa mokhota, ndipo mkono wamanja anaugwirizira ndi dzanja lamanzere. Amake Angel anathamanga kukalandira mwanayo, ndipo pomasula nsalu anaugunda pang'ono mkonowo. Jenipher sanakuwe. Anangokhala pansi mwadzidzidzi pafumbi pomwepo, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

Nkhani anaifotokozera mlamu wake, osati mchimwene wake. Ezara anangoimvera pansi pa ngolo. Mbuzi zinalowa pa mtedza woyanika iye ali kumjigo, ndipo Osward pobwera kumunda anatenga mpini wa khasu. Zimenezo sizinali zachilendo. Chachilendo chinali choti atamaliza kumumenya anakhala pakhonde, n'kuyamba kunola nkhwangwa pamwala mosafulumira, akumuyang'ana. Ndipo anamuuza, ndi mawu ake aulemu omwe aja, kuti tsiku lina sadzatenga mpini.

Ezara anatuluka pansi pa ngolo manja ali girisi yekhayekha. Mantha anamugwira, mantha enieni, amene sanawamvepo chimwalirireni atate ake. Anazungulira ngolo, analowa m'khola, anatulukamo osadziwa chimene amakafuna. Apa m'pamene anakumbukira alendo ena amene anabwera kutchalitchi chaka chatha mapemphero atatha. Ankanena za ofesi ya Vikitimu Sapoti kupolisi ya ku Chadiza, yothandiza anthu ozunzidwa m'banja, ndiponso kuti khoti likhoza kuletsa mwamuna wankhanza kuyandikira mkazi wake. Tsiku limenelo Ezara anatuluka asanamalize, akuseka kuti a boma tsopano akufuna kulanda unkhoswe. Ndiye mawuwo ankamubwerera zidutswazidutswa, ndipo anadziwa kuti ena anamupita.

Anauza mkazi wake kuti mawa alawirira ku boma. Amake Angel anafunsa ngati sikukanakhala bwino kupita naye mwiniwakeyo, koma Ezara anawayang'ana ngati anena zamisala. Munthu wa mkono wotere akwere njinga? Ndiponso zinayamba liti kuti mkazi azikadzinenera yekha mlandu nkhoswe wake ali moyo? Anaitana mphwake Eneya, yemwe anali nkhoswe wamng'ono pa ukwatiwo, n'kumuuza kuti ayang'anire pakhomo. Koma kumene ankapita sanamuuze. Zinamuchititsa manyazi kuti iye Ezara, wodziwika pomanga mabanja, akutengera nkhani ya m'nyumba kupolisi. Anangoti akukagula chitsulo cha ngolo, ndipo analetsa mkazi wake kuuza munthu.

Anafika ku Chadiza msika ukungotsegulidwa, anyamata a minibasi akuitanira za ku Chipata. Anali atavala jekete yake ya kutchalitchi, fumbi lili mpaka m'mapewa. Kupolisi anamulozera kachipinda kakumbali. Panja pake panali benchi, ndipo pabenchipo panali amayi okhaokha, wina diso litatupa. Onse anamuyang'ana kuyambira kumapazi, ndipo Ezara anazindikira kuti akumuyesa mmodzi wa omenyawo. Zinamuwawa. Anakanika kukhala nawo, anangoyendayenda pabwalo, kukayang'ana njinga yake, kubwerera, kukaiyang'ananso ngati ingathawe yokha.

Nthawi yake itakwana anapeza wapolisi wamkazi, Sajeni Patience, wamng'ono ndithu, msinkhu wa mwana wake Angel. Ezara anayamba monga amayambira pabwalo: mwana wa ndani anakwatira mwana wa ndani, anabwera kudzafunsira ndani, chitengwa chinayenda bwanji. Sajeniyo anamvetsera mpaka pofika pa mpini ndi nkhwangwa, kenako anafunsa kumene mayi Jenipher anali.

"Ali kunyumba, akupuma," anatero Ezara. "Ine ndine nkhoswe wake. Zonse ndinena ndine."

"Bambo, mkono wapwetekawo ndi wanu?"

Sanafunse mwachipongwe ayi, koma Ezara anamva kutentha kumaso. Sajeni anamuyamikira kuti wachita bwino kubwera, ambiri safika, ndipo zimene wanenazo azimva. Koma anati akufunika kumva kuchokera pakamwa pa mwiniwake, ndipo adokotala ayenera kuona mkonowo ndi mabala ena zisanayambe kupola. Kenako anafunsa kuti pakali pano Jenipher akumuyang'anira ndani, ndipo kodi woyang'anirayo akudziwa kuti nkhani yafika kupolisi?

Ezara anaona nkhope ya Eneya m'maganizo mwake. Anadzambatuka osatsanzika. Sajeni anamutsatira mpaka pakhomo akumuitana kuti atenge nambala ya foni, kuti kukakhala vuto awaimbire iwo abwere, koma munthu wanuyo anali atakwera kale njinga. Ndi mmene alili Ezara, samva mawu omaliza a munthu aliyense.

Ulendo wobwerera anapalasa mosapuma. Tcheni chinavuka, anachibwezera, chinavukanso. Anthu odziwana naye ankamupatsa moni panjira, iye osayankha. Pofika pakhomo dzuwa litapendeka, chinthu choyamba kuchiona chinali nthenga zofiira padzala, mphepo ikuzimwaza. Eneya anali pansi pa mtengo wa mango akutokosa m'mano, nkhope ili ngwee ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Aleck, nkhoswe wa Osward, anali atafika m'mawa womwewo ndi tambala ndiponso mawu opepesa. Amake Angel anayesa kunena kuti adikire mwini nyumba, koma Aleck anaseka, ati a Ezara sanakanepo nkhuku chiyambire, nanga tichedwetserenji ntchito nthawi ya thonje ino? Amake Angel, atagwidwa ndi lamulo la mwamuna wawo loti asaulule, sanathe kutchula za kupolisi. Jenipher anangoyang'ana kumsewu kangapo, kenako ankhoswewo anamukweza panjinga ya Aleck, mwana ali kumbuyo.

"Ndachita monga muchitira inu, achimwene," anatero Eneya. "Ndakalipa kwambiri, funsani alamu."

Ezara anafuna kumuwomba khofi, koma dzanja linakana kukwera. Akanamenya ndani? Mnyamatayo anaphunzira bwino, ndipo mphunzitsi wake anali yemweyo waima apoyo. Amake Angel anabwera ndi mbale yovindikira, osayang'ana mwamuna wawo kumaso. Munali ntchafu, gawo la nkhoswe wamkulu, limene anamusungira kuti akadya nkhani itsekeke mbali zonse. Ezara anaiyang'ana nthawi yaitali, kuposa mmene anayang'anirapo chakudya chilichonse m'moyo mwake. Kenako anauza mkazi wake kuti aikulunge m'pulasitiki. Anafuna kunyamuka nthawi yomweyo, koma amake Angel anagwira njinga, ati akafika kutada adzangoputa ndewu ndipo wovutika adzakhala Jenipher yemweyo. Anagonja, koma tulo sanatione, ndipo tambala woyamba anamupeza ali kale panjira.

Ku Zingalume anapeza Jenipher akusesa pabwalo ndi dzanja lamanzere. Mkono wina uja unali utatupa mpaka m'zala, ataukoleka m'khosi ndi mpango. Osward anatuluka m'nyumba akumwetulira, chipewa m'manja, n'kuthamangira mpando. Anatuma mwana wa pafupi kukaitana Aleck, ndipo Aleck anafika akupukuta m'manja, akuthokoza kuti alamu abwera okha kudzatsimikiza mtendere. Ezara mpandowo sanakhalepo. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kapulasitiki kaja n'kukaika pampandopo.

"Ntchafu yanu iyo. Ine sindinadye."

Aleck anayamba kufotokoza kuti zotere sizichitika, nkhuku yadyedwa ndi nkhoswe wamng'ono pamaso pa anthu, ndipo kuibweza ndi kutukwana mudzi wonse. Osward anati za mkono asade nazo nkhawa, akangogulitsa thonje apita naye yekha kukiliniki. Mawu anali okoma onsewo, ndipo Ezara anamva lilime lake likuyabwa kufuna kuyankha, kukalipa, kuweruza monga mwa masiku onse. Akanayamba, akanathera pamenepo mpaka madzulo, ndipo mapeto ake ankawadziwa. Ndiye anatembenuka n'kuchita chinthu chimene sanachitepo pa zaka zonse za unkhoswe wake. Anafunsa mlongo wake.

"Jenipher, ndikupita ku boma, kupolisi ndi kuchipatala. Ukufuna kupita?"

Jenipher anamuyang'ana ngati sanamve. Kenako anaika tsache pansi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi Chisomo atamukolekera pambali. Analibe kamtolo, analibe nsapato. Anayenda molunjika panjinga. Osward anasiya kumwetulira, anadumpha n'kugwira chiwongolero, ndipo mawu aulemu aja anathera pomwepo. Koma amayi a nyumba zoyandikana anali atatuluka kale. Wina anasiya mtondo, wina anatula ndowa, ndipo anangoima chapatali manja ali m'chiuno. Mayi wina wachikulire anabwera n'kumangirira khandalo bwinobwino kumsana kwa Jenipher, mfundo ziwiri, osayang'ana Osward n'komwe. Osward anaona maso onsewo ndipo anataya chiwongolero. Anangoti akapita asadzabwerenso.

Ulendo wa ku boma unamuzunza Ezara kuposa wadzulo. Jenipher ankagwira ndi dzanja limodzi, ndipo njinga ikangogunda kamwala ankapuma mokoka. Munthu wozolowera kuthamanga anayenera kupalasa ngati nkhalamba, kutsika pamchenga, kukankha pachitunda, kuima kuti mwana ayamwe. Khosi linachita kumupweteka ndi kucheuka, poopa kuti Osward akuwatsatira. Njinga iliyonse yochokera kumbuyo inkamuimitsa mtima. Kangapo anatsegula pakamwa kuti auze mlongo wake zokanena akafika, poyambira ndi pothera, koma anadzigwira. Njira yonse anangomufunsa ngati akufuna madzi.

Sajeni Patience atawaona anaimirira yekha kudzawalandira. Anapempha Ezara kuti adikire panja, koma Jenipher anati achimwene akhale, amve nawo. Ndipo anayankhula. Abale, mkazi amene Ezara ankamuyesa wosatha kulankhula anafotokoza mwadongosolo, mawu ali pansi, osalira. Ananena za mpini ndi nkhwangwa. Ananena za khutu lakumanzere limene linasiya kumva bwino kalekale. Ananena za tsiku limene anamutsekera kunja mvula ikugwa. Kenako ananena za mimba imene inachoka Chisomo asanabadwe, imene kwawo anauzidwa kuti anali malungo. Sanali malungo. Osward anamuponda pamimba sabata yomweyo imene anabwerera kuchokera kwa achimwene ake, pomulanga kuti anamuchititsa manyazi ndi kumuwonongetsa nkhuku.

Ezara anaikumbukira nkhuku imeneyo. Inali yoyera, ndipo tsiku limenelo anakalipa bwino kwambiri moti anthu anamuyamikira. Anayang'ana pansi, manja ali pamaondo. Jenipher sanamuloze chala, sanamudzudzule n'komwe. Ankangoyankha mafunso a sajeni, ndipo zimenezo ndiye zinamupweteka koposa.

Sajeni anawaperekeza kuchipatala, kumene adokotala anapeza kuti fupa linang'aluka, ndipo anamumanga pulasitala. Ezara ndiye ananyamula Chisomo nthawi yonseyo, akuyenda naye uku ndi uku pakhonde. Atabwerera kuofesi, sajeni anafotokoza bwinobwino mmene zinthu ziyendere. Osward aitanidwa kudzayankha mlandu wovulaza munthu, ndipo mlandu wotere suthera pabwalo la pakhomo. Apolisi athandiza Jenipher kupempha kukhoti chiletso choti mwamunayo asamuyandikire kapena kumutumira anthu omuopseza. Anamuuzanso za anthu odziwa malamulo amene amathandiza osalipiritsa, ngati angafune kudziwa za ukwati wakewo, za mwana ndi za mbewu zimene analima. Ulendo uno Ezara anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo nambala ya foni anaitenga.

Chotsala chinali malo. Sajeni anafunsa Jenipher kumene angakakhale mosaopa pamene nkhani ikuyenda. Ezara anali ataimirira kale, akunena kuti funso limenelo ndi losavuta, kwawo kulipo, nyumba ya Angel ili chabe, ndipo iye agona pakhomo ndi chibonga ngati kuli kofunika. Sajeni anakweza dzanja pang'ono n'kuyang'ana Jenipher.

"Kwa achimwene ayi," anatero Jenipher.

Ezara anaganiza kuti khutu lija lamusokoneza, sanamve funso. Anayamba kubwereza mokweza, koma mlongo wake anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso.

"Ndamva, achimwene. Mumandikonda, ndikudziwa. Munandilera ndinu. Koma kukabwera anthu ndi mawu okoma, mudzandibweza."

Anafuna kukana. Anafuna kunena za ntchafu ija, za ulendo wa dzulo ndi wa lero, za kutopa kwake konse. Kodi zonsezo sizinakwane? Mkwiyo unabwera, koma sunakhalitse, chifukwa pansi pake panali manyazi. Tsiku limodzi lokana silikanafafaniza zaka zonse zovomera, ndipo mwanayo ankamudziwa kuposa mmene ankadzidziwira yekha. Sajeni anati alipo malo ena odalirika kumene amayi otere amasungidwa kwa kanthawi, ndipo Jenipher anatchulanso kuti ali ndi mnzake wa chigwirizano cha amayi amene angamulandire. Asanatchule dzina, Ezara anapereka Chisomo kwa amake n'kutola chipewa chake.

"Musanene ndili pano," anatero. "Kumene akupitako musandiuze. Mukafuna chimanga kapena mtedza, muziimba, ndizidzasiya pano paofesi."

Anavula jekete n'kumufunditsa Jenipher, poti anachoka ndi nsalu imodzi yokha, ndipo anatuluka. Anabwerera ku Zemba wopanda munthu kumbuyo kwa njinga. Amake Angel atafunsa kumene wasiya mlamu wawo, anati ali bwino, ali m'manja mwa boma, ndipo anapita kukhola ngakhale ng'ombe zinali zitatsekeredwa kale.

Masiku otsatira Ezara anafika poipa. Ankamanga ng'ombe pangolo n'kuzimasulanso. Foni ankaitulutsa m'thumba kawirikawiri, kukwera nayo pachulu pofuna netiweki, kutsika, kukweranso. Anamva kuti Osward anatengedwa ndi apolisi, kenako anatuluka podikira tsiku la khoti atachenjezedwa kuti asayerekeze kumufunafuna mkaziyo. Ku Zemba nkhani inawanda. Ena ankati Ezara wachita chamuna, ena ankati wagulitsa unkhoswe kwa apolisi, ndipo kutchalitchi mkulu wina anapempherera mabanja amene akupasulidwa ndi abale, osatchula dzina. Eneya anasiya kudutsa pakhomo pake. Zoti palibe ukwati wake umene unatha, Ezara sanazinenenso.

Loweruka lina masana Aleck anatulukira yekha, atavala bwino, n'kukhala pansi pa mango. Sanabwere ndi ukali. Anayamba ndi kufunsa za ng'ombe ndi za thonje, kenako anafika pa nkhani. Anati Osward wasintha, sakudya, wachita kuwonda, akungolira mwana wake. Anati amake Osward akudwala ndi maganizo. Anati munthu akalowa m'ndende thonje lionongeka m'munda, ndipo wovutika adzakhala Chisomo yemweyo. Iye sankapempha zambiri ayi, ankangofuna kudziwa kumene Jenipher ali, kuti akulu awiri atatu akamuone, amupepese, mwina mtima wake ungatsike tsiku la khoti lisanafike.

"Sindikudziwa kumene ali," anatero Ezara.

Aleck anaseka pang'ono. Nkhoswe wamkulu, mwini mbumba, osadziwa kumene mlongo wake akugona? Anati asamachite nthabwala, iwo ndi anthu amodzi, adyera limodzi zaka zambiri. Anakumbutsa Ezara mmene anavutikira kulera alongo ake, mmene anthu amamulemekezera kuyambira ku Zemba mpaka ku Zingalume chifukwa cha mtima wake womanga. Anati munthu ngati iye sangalole dzina lake lithere m'khoti, pamaso pa anyamata ovala yunifomu.

Aleck anakhala mpaka mthunzi wa mango unafika kunkhokwe, akuyankhula mofatsa, ndipo Ezara ankangoyendayenda pabwalo akumvetsera. Choopsa n'chakuti mawuwo ankalowa. Anayamba kumuona Osward wowonda uja, anayamba kumvera chisoni amake odwalawo, anayamba kuganiza kuti mwina kungokambirana chabe sikungapweteke munthu. Anamva mtima wake ukufewa monga unkafewera nthawi zonse, ndipo anachita mantha ndi iye mwini. Akanadziwa kumene Jenipher anali, akananena madzulo amenewo. Koma sankadziwa, ndipo Aleck anakwera njinga yake n'kubwerera ku Zingalume chimanjamanja.